Trip meter ikamavuta m'galimoto yakale ya rally: muyambire pati

December akamayandikira kuno ku Britain, pagaraja pathu pamadzaza tigalimoto takale tomwe eni ake akukonzekera LeJog, mpikisano uja wochokera ku Land's End kukathera ku John o' Groats. MGB, Triumph TR4, Austin-Healey 3000, mwa apo ndi apo ka Mini. Dandaulo ndi lomwelo chaka ndi chaka: "Mita yanga yafa." Ena amafika atagula kale yatsopano, nayonso itayamba matenda omwewo tsiku lomwe anaimanga. Pazaka zomwe ndakhala ndikupinda msana pansi pa madashibodi amenewa, mita yofadi ndaipeza kowerengeka. Imadwala ndi galimoto: moto wake, earth yake, mapulagi ake. Ndatopa kubwereza pakamwa, ndiye ndalemba.

Kwa inu amene simunakhalepo pampando wa navigator: m'mipikisano ya regularity, monga LeJog, sapikisana kuthamanga. Amakupatsani roadbook, buku losonyeza njira ndi mtunda wa mphambano iliyonse, komanso liwiro loti musunge. Mukafika pomwe abisala owerengera nthawi, sekondi iliyonse yomwe mwafulumira kapena kuchedwa amakudulani nayo. Mita ikanama ndi 1% yokha, pa 10 km mwataya 100 m, ndipo pa liwiro la 50 km/h amenewo ndi masekondi 7. Mphambano mumaidikira pomwe palibe, kapena kuizindikira mutaidutsa. M'nkhani ino ndikati mita ndikunena trip meter, kachipangizo kowerenga mtunda womwe galimoto yayenda. Mtunda ndiulemba ndi m ndi km.

Mita yamagetsi, kaya Brantz, Terratrip kapena Monit, imadalira zinthu zitatu basi: moto wokhazikika, sensa yomwe imatumiza ka pulse (kachizindikiro ka magetsi) tayala kapena kebulo ya sipidomita ikamazungulira, ndi nambala ya calibration yomwe imaiuza kuti ma pulse angati akwana kilomita. Pofufuza sinthani chinthu chimodzi, yesani, ndiye musinthe china. Mukasintha zitatu pakamodzi vuto n'kutha, likadzabweranso usiku pakati pa mpikisano simudzadziwa poyambira.

## Musanagwire waya

Onani kaye mbali ya batire yomwe yamangidwa ku bodi. Galimoto zambiri za ku Britain za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa ma 1960 zinatuluka ndi positive earth, kutanthauza kuti + ndiye amapita ku bodi. MGB inasintha kukhala negative earth chakumapeto kwa 1967. Koma chaka cha galimoto musachikhulupirire, poti zambiri anazitembenuza kale m'magaraja. Tsegulani muone ndi maso. Pa MGB batire limakhala kuseri kwa mipando pansi pa chivundikiro, ndipo mpaka 1974 ankakhala awiri a 6 V olumikizana. Mita yamagetsi mukaipatsa moto mozondoka, ikapulumuka ndi mwayi.

Mawaya a galimotozi ali ndi mitundu yake yokhazikika:

- wabulawuni: moto wochokera ku batire, wa nthawi zonse, wosadutsa pa fyuzi
- wapepo: wa nthawi zonse, wodutsa pa fyuzi
- woyera: moto wa kiyi wosadutsa pa fyuzi, ndiwo umapita ku koyilo
- wobiriwira: moto wa kiyi wodutsa pa fyuzi
- wakuda: earth

Mawaya a mita satsata mitunduyi. Tsatani kapepala komwe kanabwera ndi mitayo, ndipo kumbukirani kuti galimoto ya zaka 60 yadutsa m'manja ambiri: waya wobiriwira atha kukhala kuti wina anangomulumikiza chifukwa ndi amene anali naye m'bokosi.

Zida zofunika ndi multimeter, babu ya 21 W yokhala ndi mawaya awiri, kabatire kapadera ka 12 V ngati ka njinga yamoto, kawailesi kam'manja kogwira AM, ndi choko. Musanadule kapena kulumikiza chilichonse chotsani waya wa batire wopita ku bodi.

## 1. Mita sikuyaka n'komwe

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

1. Earth yosagwira. Waya anangomupanikiza pa sikuluwu ya dashibodi, pamwamba pa penti kapena pathabwa.
2. Fyuzi. Mwina yapsa, koma kawirikawiri ndi yabwinobwino, achita dzimbiri ndi mano omwe amaigwira.
3. Polumikizira pobiriwira. Timitu tija amati bullet timadyeka mkati mwa rabala, kunja kukuoneka bwino. Tolumikizira tapulasitiki toluma waya nditoipa kuposa pamenepo.
4. Mawaya ozondoka, makamaka pa galimoto ya positive earth.
5. Mita yokha.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani mita pa mawaya a galimoto, muilumikize ku kabatire kapadera. Ikayaka, isiyeni, ilibe mlandu. Pitani pa waya womwe umaidyetsa muyese ndi babu, osati multimeter yokha. Multimeter imasonyeza 12 V ngakhale patatsala kaulusi kamodzi ka kopa; babu ya 21 W imafuna moto weniweni, ndipo pamalo odyeka imangofiirira kapena osayaka.

Mankhwala omwe ndimapereka kwa aliyense ndi amodzi: mawaya awiri atsopano, + ndi −, ochokera pa batire penipeni, ndi fyuzi ya 2 A pafupi ndi batirelo. Musadalire fyuzi ya galimoto. Zagalasi zija zolembedwa 35 A zimanyamula 17 A osadandaula, ndiye kawaya kowonda ka mita kadzasungunuka fyuzi ili phee. Mukatero musaiwale kuzimitsa mita poimika galimoto, apo ayi pakatha masiku mudzapeza batire latha.

## 2. Imayaka, koma imazima kapena kubwerera pa ziro yokha

Funso loyamba: imatero mukachita chiyani? Yankho lake ndi theka la ntchito.

Poliza injini. Sitata imakoka moto wambiri, ndipo batire lotopa limagwa pansi pa 10 V. Yesani pa batire wina akuliza. Likagwa chotero, vuto ndi batire kapena mitu yake. Pa MGB ya mabatire awiri onaninso waya wolumikiza awiriwo, poti amakhala pamalo a chinyezi ndipo sakumbukiridwa. Ngati batire lili bwino, mwina munatenga moto pa waya yemwe kiyi amamudula poliza.

Mukaimba hutala, kuyatsa ma wiper, kapena kulowetsa overdrive, giya yowonjezera yolowetsedwa ndi magetsi. Apa mita ikugawana waya kapena earth ndi chinthu chanjala. Solenoid ya overdrive ndi hutala zimabweza kamoto kamphamvu zikamazima. Ipatseni mita mawaya akeake monga ndanenera pamwambapa.

Manambala akuphethiraphethira mosalekeza, injini ili bwino. Onani ngati simunatenge moto pa voltage stabiliser, kabokosi kakang'ono kuseri kwa dashibodi komwe kamadyetsa geji ya mafuta. Kakale kaja sikapereka 10 V yokhazikika ayi. Kamayatsa ndi kuzimitsa moto mobwerezabwereza kuti pakatikati pakwane 10 V. Geji ya mafuta ndi yaulesi, siona kanthu. Mita imaona zonse. Waya wake wotulukira ndi wobiriwira mowala wokhala ndi mzere wobiriwira kwambiri, ndipo mumdima wa pansi pa dashibodi n'kosavuta kumusokoneza ndi wobiriwira wamba.

Usiku wokha, nyale zonse zikuyaka. Galimoto ikadali ndi dainamo, werengerani. Lucas C40 imapereka pafupifupi 22 A, ndipo injini ikangoti phuphuphu poima siitchaja konse. Nyale zazikulu ziwiri zimadya cha m'ma 10 A, ma spotlight awiri a 55 W enanso 9 A, musanawerenge hita, ma wiper, koyilo ndi pampu ya mafuta. Pofika pakati pa usiku mukudya batire. Ambiri amathetsa izi poika alternator, koma werengani malamulo a mpikisano wanu kaye. Alternator yabwino isonyeze pakati pa 13.8 ndi 14.4 V pa batire injini ikulira.

Pamabampu. Waya wolendewera, fyuzi yogwedera, kapena mutu wa batire wosamangika. Injini ili yozima, mita ili yoyaka, gwedezani mawaya limodzi limodzi wina akuyang'ana manambala.

Ngati galimoto ili ndi switch yofiira yodulira batire, musaizimitse injini ikulira pokhapokha pangozi. Alternator ikasowa batire mwadzidzidzi imaponya moto wokwera womwe utha kupha mita.

## 3. Imayaka bwino, koma siwerenga

1. Nambala ya calibration ili pa 000, kapena batani loimitsira manambala lasiyidwa lopanikizidwa. Musaseke; zimachitika m'mawa wa mpikisano.
2. Mpata wa sensa ya pa tayala wakula.
3. Waya wa sensa waduka pomwe amapindika tayala likamakhota.
4. Kebulo ya sipidomita yaduka, kapena ikuzungulira yosagwira kamtima ka sensa.
5. Mawaya a sensa asinthanitsidwa.
6. Sensa si ya mtundu womwe mita yanu imamva.

Yang'anani sipidomita ya galimoto. Ngati sensa yanu ili pa kebulo ndipo sipidomita nayonso yagona, vuto ndi kebulo kapena kagiya ka pa giyabokosi. Solani kebulo yamkati muone nsonga zake: ziyenera kukhala za ngodya zinayi, osati zobulungira. Pa galimoto zokhala ndi kachigongono kokhotetsa kebulo potuluka pa giyabokosi, kameneko kamafa mwakachetechete.

Ngati sensa ili pa tayala, kwezani galimoto, muiike pa masitandi, osati pa jeke yokha. Sensa zamtunduwu zimamva chitsulo chikamadutsa pamphuno pake, kawirikawiri mitu ya mabawuti kuseri kwa habu. Mpata wake ndi waung'ono, 1 mpaka 2 mm malinga ndi sensa. Yesani ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) pa bawuti iliyonse, osati imodzi. Mitu ya mabawuti yokhala ndi dzenje pakati imasokoneza sensa zina, ndipo aluminiyamu siimveka bwino ngati chitsulo wamba.

Kuti mudziwe ngati wolakwa ndi mita kapena sensa, chotsani sensa, ikani nambala yaing'ono ya calibration, ndipo gunditsani waya wa pulse ku − mobwerezabwereza. Pa mita zambiri manambala amayenda. Akayenda, mita ndi yamoyo. Tsimikizani kaye pa kapepala kuti waya wa pulse ndi uti, chifukwa mukagunditsa wodyetsa sensa muwotcha za mkati.

## 4. Manambala akuyenda okha galimoto itaima

Ili ndiye vuto lomwe limadyera anthu ndalama. Injini ikulira, handbrake yakokedwa, koma mita ikuwonjezera 0.01, kenako 0.02, ngati yalodzedwa. Mukaponda mafuta imafulumira. Choopsa n'chakuti pamsewu simungaone. Mumangopeza kuti calibration ya dzulo lero sikugwira.

Sensa imalankhula monong'ona, pomwe pulagi imakuwa ndi mavolti masauzande ambiri. Waya aliyense wautali ndi mlongoti. Kukuwa kwa mapulagi kukalowa pa waya wa sensa, mita imakuwerenga ngati tayala lazungulira.

Yesani chonchi. Ikani nambala yaing'ono ya calibration kuti pulse iliyonse yabodza ionekere, lizani injini, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, mukuponda mafuta ndi kusiya. Manambala asasunthe ngakhale kamodzi. Kenako tengani kawailesi, ikani pa AM pomwe palibe siteshoni, muyendetse pafupi ndi injini. "Tha-tha-tha" wothamanga limodzi ndi injini ndi mapulagi. Kulira kopyapyala kokwera ndi kutsika ndi dainamo kapena alternator. Kuthetheka kosatsata dongosolo ndi control box, kabokosi kolamulira moto wa dainamo. "Tiki… tiki…" wapatalipatali ndi pampu ya mafuta ya SU.

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

1. Mawaya a mapulagi a kopa mkati. Okonda zakale amawaika chifukwa amaoneka ngati a nthawi imeneyo. Ikani osefa phokoso, kapena zipewa za mapulagi zokhala ndi resistor.
2. Mapulagi opanda resistor. Pa NGK onani chilembo R: BP6ES alibe, BPR6ES ali nayo, ya pafupifupi 5 kΩ. Pa Champion chimodzimodzi, RN9YC ali nayo.
3. Njira ya waya wa sensa. Asayende limodzi ndi waya wa koyilo, wa distributor kapena wa rev counter, ndipo asalowe nawo pabowo limodzi. Mukakakamizika kuwadutsanitsa, apingasane, asagonerane.
4. Moto wotengedwa pa waya woyera. Ameneyu amapita ku koyilo, ndiye amabwera ndi zinyalala zake zonse.
5. Earth ya injini. Lamba wolukidwa wolumikiza injini ndi bodi akadyeka, moto umafuna njira ina.
6. Kapu ya distributor yong'aluka, rotor yotha, pulagi ya mpata waukulu. Lizani injini mumdima mutsegule boneti. Moto wothawa umaoneka ndi maso.
7. Dainamo, control box, pampu. Condenser yosefera ya 1 µF imathandiza. Pa dainamo ikani pa D, osati pa F, chifukwa pa F muwononga control box. Pa koyilo ikani mbali yolowera moto wa kiyi, osati yopita ku distributor.

Ndikumbuka roadster ina yofiira yomwe inabwera itangopentedwa, pansi pa boneti poyera ngati mbale. Chikomekome cha nkhuyu. Mwini wake anali atabweza mita imodzi kwa ogulitsa, yachiwiri ikuchita zomwezo. Kawailesi kanayamba kuthetheka ndisanafike n'komwe pa galimoto. Mawaya a mapulagi anali a kopa, okongola, achikasu a mizere yakuda, ndipo waya wa sensa anamumangirira bwinobwino ndi timalamba pa waya wa koyilo kuyambira kutsogolo mpaka pabowo lolowera mkati, kuti pazioneka mwaudongo. Tinadula timalambato, kudutsitsa wayayo mbali ina ya injini, kusintha mapulagi. Manambala anakhala chete. Pogwira kachingwe ka choke ndinamva kakutentha: lamba wa earth ya injini anamumanga pamwamba pa penti yatsopano ija, ndipo moto wa sitata unkabwerera kudzera pa choke. Mukamva kebulo ya choke, ya mafuta kapena ya sipidomita ikufunda mukangoliza injini, musayendenso musanakonze earth imeneyo.

Kuyesa earth: ikani multimeter pakati pa mutu wa batire wopita ku bodi ndi chitsulo cha injini, wina alize. Kupitirira 0.5 V ndiye kuti pali pothina. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, mangani, pakani girisi pamwamba.

## 5. Imawerenga, kenako n'kumadumphadumpha

- Ikasiya mabuleki akatentha, n'kubwerera akazizira: sensa ili pafupi kwambiri ndi disc, kapena yayamba kufa. Imachitika kwambiri potsika mapiri. Tchingirani ndi kachitsulo kapena isunthireni pomwe mphepo imafika.
- Ikadumpha pokhota: ma bearing a tayala ali ndi mpata, habu ikupendekeka n'kutalikira sensa. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze. Pa MGB ma bearing akutsogolo amawalinganiza ndi timashimu, mpata wake 0.002 mpaka 0.004 ya inchi. Musangomanga nati mpaka kuuma.
- Ikadumpha pa liwiro lalikulu lokha: mpata wa sensa uli m'malire, kapena bulaketi yake ndi yopyapyala ndipo ikunjenjemera. Ikapindika ndi chala, ndi yofooka.
- Ikadumpha pamsewu wa fumbi: amene munayendapo misewu ya malata ya kwathu mukudziwa mmene imamasulira nati iliyonse. Manati a sensa akhale awiri omangirirana. Sensa ya maginito imatolanso tizitsulo pamphuno, pukutani.
- Muvi wa sipidomita ukamavina: kebulo yapindika kwambiri kapena yauma. Isapindike mothina kuposa 15 cm kuchokera pakati pa khotolo, ndipo italikire paipi ya utsi. Sensa ya pa kebulo ikhale pomwe kebuloyo yawongoka.
- Mvula ikagwa: madzi alowa polumikizira pansi pa mudguard. Polumikizira pakhale mkati mwa galimoto.

## 6. Zonse zikuyenda, koma mtunda sukugwirizana ndi roadbook

Musanathamangire sipanala, gawani zomwe mita yawerenga ndi mtunda weniweni. Nambala yotulukayo imaulula wolakwa.

- 1.61 kapena 0.62: mwasokoneza mailosi ndi makilomita. Mailo imodzi ndi 1.609 km. Ku Britain mabuku ambiri ali m'mailosi. Mukawoloka nyanja kupita ku Rallye Monte-Carlo Historique ndi makilomita.
- 0.75: pa mabawuti anayi sensa ikuphonya imodzi.
- 0.5 kapena 2: ikuphonya theka, kapena ikuwerenga bawuti iliyonse kawiri.
- Pakati pa 0.97 ndi 1.03, mosasintha: ndi calibration chabe.
- Lero yambiri, mawa yochepa: bwererani pa gawo 4 ndi 5. Calibration siichiza matenda amenewo.

Kuti muone ngati sensa ikuphonya, lembani mzere wa choko pa tayala, lizungulitseni kakhumi ndi dzanja. Mabawuti anayi apereke ma pulse 40. Mita zina zimatha kuwasonyeza. Sensa zina zili ndi kanyale kophethira.

Pa mita zomwe nambala yake imaimira kuchuluka kwa ma pulse, kuwerengera kwake ndi uku: nambala yatsopano ndi nambala yakale kuchulukitsa ndi zomwe mita yawerenga, kugawa ndi mtunda weniweni. Tinene kuti nambala ili pa 530, mwayenda 5.00 km yoyezedwa, mita yati 5.06. Ndiye 530 × 5.06 ÷ 5.00 ikupereka 536. Ikani, bwerezani ulendowo. Zikaipiraipira, mita yanu imawerengera mobwerera, sinthanitsani manambala awiri a mtundawo. Onaninso kukula kwa nambalayo. Ikakhala cha m'ma 100, kusuntha kamodzi ndi 1% yathunthu, simungalinganize bwino. Cha m'ma 500 ndi 0.2%. Sensa yoona mabawuti anayi imaposa yoona maginito amodzi pa chifukwa chimenechi.

Mtunda "weniweni" pampikisano ndi wa okonza mpikisanowo, osati wa foni yanu. Amapereka kanjira koyezera musananyamuke. Ngakhale mutatsimikiza kuti kilomita yawo ndi yaifupi, linganizani mita yanu ndi iwo, poti buku lonse analiyeza ndi mita yomweyo. Yendani kanjirako matayala atafunda, mphepo yake ili yomwe muyendere, anthu awiri ndi katundu ali momwemo, ndipo musadule makona.

Matayala amasintha zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. 165/80 R14 ndi lotalika pafupifupi 620 mm, 185/70 R14 pafupifupi 615 mm. Kusiyana kwake ndi 0.8%, kapena 80 m pa 10 km, ndipo laling'onolo limachititsa mita kuwerenga zambiri. Mukasintha kuika matayala a chisanu, kapena kuika sipeya pomwe pali sensa, yezaninso.

Pali china chomwe calibration singathetse. Galimotozi, kupatula ka Mini, zimakankhidwa ndi matayala akumbuyo. Sensa ya pa giyabokosi kapena pa kebulo ya sipidomita imawerenga kuzungulira kwa matayala amenewo, ndiye pa matope, pa miyala kapena pa chipale akamaseseleka, mita imawonjezera mtunda womwe simunayende. N'chifukwa chake ine ndimakonda tayala lakutsogolo, ngakhale kumanga kwake n'kovutirapo. Nalonso lili ndi chilema chake: mukaponda buleki tayala n'kuuma, mita imaima galimoto ikuyenda. Pa phula louma kusiyana kwake n'kochepa, ndipo amene amayenda mipikisano ya masana m'chilimwe asavutike nazo.

## 7. Za Halda ndi zinzake zamagiya

Halda Tripmaster ndi Twinmaster za ku Sweden sizidalira pulse. Zimayendetsedwa ndi kebulo yochokera pa kolumikizira ka mphanda kuseri kwa sipidomita, ndipo calibration yake ndi kusintha timagiya mkati. Magetsi ndi a kanyale basi. Zikaima kapena kudumpha, onani kebulo yaifupiyo, kamphandako, ndi girisi wakale wouma. Nambala yaing'ono yolembedwa pankhope ya sipidomita ya Smiths, monga 1000 kapena 1280, ndi maulendo omwe kebulo imazungulira pa mailo imodzi, ndipo ndiyo poyambira posankha timagiya. Mita yolimba kuzungulira imadula makebulo. Ikadula yachiwiri musagule yachitatu, itumizeni kwa okonza mageji.

Mipikisano ina ya galimoto zakale imangolola mita zamagiya kapena zooneka zakale ngati Brantz Retrotrip, ndipo yambiri imaletsa za GPS ndi zowerengera liwiro lapakati. Funsani musanaboole dashibodi.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana mmisiri

- Fungo la pulasitiki wopsa, utsi, kapena waya wotentha. Chotsani batire nthawi yomweyo. Waya wabulawuni ndi woyera alibe fyuzi; akagunda bodi amayaka mpaka kumapeto.
- Fyuzi ya mita yapsa kawiri. Musaike yaikulu, musaike waya kapena pepala la siliva.
- Fungo la petulo pafupi ndi batire kapena kuseri kwa dashibodi. Pa MGB pampu ya mafuta ili chapafupi ndi batire. Osayesa chilichonse chotulutsa moto.
- Galimoto ya positive earth. Mita itha kumangidwa ngati iyo ndi sensa yake sizikukhudza bodi paliponse, koma kulakwa kamodzi ndi shoti. Kutembenuza galimoto yonse kumafuna kutembenuza dainamo, mawaya a koyilo ndi a ammeter, komanso rev counter yamagetsi, wailesi ndi pampu zina. Si ntchito ya Loweruka madzulo kwa woyamba kumene.
- Kuboola kapena kuwotcherera pa habu, disc, caliper kapena mkono wa chiwongolero. Bulaketi ya sensa imangidwe pa mabawuti omwe alipo kale, ndipo amene akuimanga adziwe mphamvu yomangira mabawutiwo. Waya wa sensa asamangiriridwe pa paipi ya rabala ya buleki mpaka kuipinda.
- Moto wopitirira 15 V pa batire injini ikulira. Chotsani mita, vuto lili pa regulator, cholamulira moto wa dainamo kapena alternator.
- Mawaya ofumbutuka mukawapinda. Galimoto ikufuna mawaya atsopano onse, mita ibwere pambuyo.

Popita kwa mmisiriyo tengani kapepala ka mita ndi ka sensa, nambala ya calibration yomwe inkagwira kale, saizi ya matayala, ndi mndandanda wa zomwe mwasintha kale motsatana. Mumuuzenso ngati vutolo limabwera injini ili yozizira kapena yotentha, nyale zili zoyaka kapena ayi. Mita muisiye yomangidwa mmene inalili pomwe imavuta. Mukaichotsa n'kupita nayo m'thumba, patebulo pake idzagwira bwinobwino.